Ukutchinga Mphepo

"Zinazi mugawane mmene mungafunire," anatero Francisco, "koma ventuinya ikwera galimoto."

Ananena zimenezi ali chiimire, dzanja limodzi m'thumba, ngakhale aliyense pansi pa mtengo wa nimu anali atakhala. Linali tsiku lachitatu chiikireni m'manda bambo ake, a Hilario Zuze a kwa Tengani. Mmawa umenewo abale anali atameta, koma iye anangolola kuti lumo limukhudze pang'ono kuseri kwa khutu, poti Lolemba anali ndi msonkhano ku Blantyre. Tsopano katundu wa malemu anali atayalidwa pamikeka iwiri ngati kaunjika wa pamsika wa Bangula.

Malemu sankataya chinthu. Panali majekete atatu a kunjanji kumene ankagwira ntchito, a mabatani achitsulo, ngakhale sitima inasiya kudutsa kwa Tengani ana a sukulu a lero asanabadwe. Panali ayironi ya makala yokhala ndi katambala pachivundikiro, pulayimasi yomwe inaleka kupopa kalekale, ndi galamafoni yopukusa yopanda singano. Pakati pa zonsezi, payokha, panaima ventuinya.

Dzinalo ndi lachipwitikizi, ndipo malemu sankalola kuti munthu aitche fani. Inali yachitsulo chakuda, yofika m'chiuno mwa munthu wamkulu, ya miyendo itatu. Pamwamba inali ndi mapiko anayi amkuwa otsekeredwa m'khola la waya, pansi kanyali ka palafini, kumbuyo kachumuni kotulutsira utsi. Siinkafuna magetsi kapena mabatire. Unkayatsa moto, iyo n'kukupatsa mphepo. Kuchigwa kuno, kumene mwezi wa Okutobala ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, munthu woyatsa moto kuti amve kuzizira saiwalika. Kuyambira ku Phokera mpaka ku Nyamithuthu, ukati a Zuze anthu ankafunsa kuti ati, koma ukati a Ventuinya ankakulozera nyumba.

"Nkhabe, mwananga," anatero a Pius, mng'ono wake wa malemu, amene anali ndi kagolosale m'mbali mwa msewu. "Ife ndife Asena. Mkulu akagona, chimene ankachikonda chimapita kwa mng'ono wake. Iwe tenga majekete. Onse atatu, sindikukaniza."

"Bambo aang'ono, masiku ano kuli malamulo. Katundu ndi wa ana."

"Malamulo ali ku Blantyre. Kuno kuli ine."

Francisco anamwetulira mmene ankamwetulira muofesi wantchito akanena zopusa. Anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo anali mwini kampani yoika makina oziziritsa m'maofesi ndi m'mahotela. Kumeneko ankatchedwa Injiniya, dzina limene sanalipemphe, komanso sanalikanepo. Malo a ventuinya anali atawakonza kale m'maganizo: pachipinda cholandirira alendo cha kampani, m'bokosi lagalasi, pansi pake kachikwangwani kamkuwa kofotokoza kuti ntchito yoziziritsa anthu m'banja la Zuze inayamba kale.

Icho ndiye chifukwa chimene akanauza munthu womufunsa. Panalinso china, chimene sankauza munthu.

Chikulireni pakhomo pano, Francisco sanamvepo mphepo ya ventuinya kupitirira kuphethira kwa diso. Masana aliwonse a chilimwe, dzuwa likafika paliwombo, bambo ake ankaitulutsa pakhonde, n'kukhala pampando wawo wa ndalema pambali pake, atavala vesiti ndi buluku la yunifolomu. Ankayatsa, n'kumanong'ona zinazake chala chili pakhola lawaya, kenako mapiko n'kuyamba kuzungulira. Anthu odutsa pamsewu ankaima kuonerera, iwo n'kumawagwedezera mutu ngati bwanamkubwa ali m'sitima. Mwana akangoyerekeza kudutsa kutsogolo kwake, kaya watumidwa madzi, kaya akungofuna kuti mphepo imunyambite pamimba kamodzi, mawu anali amodzimodzi:

"Choka pamenepo, ukutchinga mphepo!"

Mawu amenewo Francisco anapita nawo kusukulu yogonera ali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo anali nawobe. Anali ataziziritsa nyumba zosanja, mabanki ndi chipinda chosungiramo mitembo cha chipatala china, koma pamaso pa kachitsulo aka anali akadali mwana wopanda malaya wothamangitsidwa pakhonde. Tsopano mwini mphepo anali pansi pa dothi, ndipo Francisco anafuna kukhala pampando uja, mphepo yonse n'kumugwera iye yekha.

"Iyi ndiye nditenga ine, achimwene," anatero Clotilda, mlongo wake, mphunzitsi wa pulayimale amene ankakhala tsidya lina la njanji. Ananyamula katoni yomwe inali kumapeto kwa mkeka. "Poti ndi yatsopano. Zaka zisanu ndi chimodzi ili yatsopano."

Inali fani ya sola imene Francisco anatumizira makolo ake pa Khirisimasi ina. Selotepi yake inali isanadulidwe.

Anthu anaseka chapansipansi, monga zimayenera pamaliro. Francisco anayang'ana katoniyo, n'kuyang'ana kumbali.

"Ndi mmene analili bambo," anatero. "Chinthu chopanda dzina lawo sichinali chinthu."

Palibe anatsutsa. Onse ankakumbukira chaka chimene madzi analowa m'nyumba mpaka m'mawindo. A Hilario anatuluka atasenza ventuinya pamutu, madzi ali m'chifuwa, akazi awo akubwera pambuyo ndi mapoto ndi nkhuku. Nkhaniyo inakambidwa kumsasa wa othawa madzi mwezi wathunthu: a Ventuinya anapulumutsa chitsulo, mkazi anadzipulumutsa yekha.

Mkaziyo, aNamilanzi, anali pakhonde, pamkeka wawo pafupi ndi chitseko, atavala duku lakuda. Chiikireni maliro anali asanalankhule mawu opitirira atatu. Pa nkhani ya ventuinya palibe anawafunsa. A Pius anali atawapatsa kale ayironi ya makala ndi pulayimasi, ponena kuti zimenezo ndi za amayi, ngakhale iwo anali asanazipemphe.

"Komatu mukulimbirana chinthu chimene simukudziwa ngati chikuyenda," anatero Clotilda. "Chigonereni bambo pachipatala paja, miyezi iwiri, sichinayatsidwe. Mwina chinatsogola."

A Pius anaganiza, akukanda mutu wongometa kumene. Iwo ankaifunira pagolosale, poti mnzawo wa kutsidya kwa msewu anali atagula wailesi ya kanema ndipo makasitomala anali atasamukira komweko.

"Pyadidi, chabwino," anatero. "Tichite chonchi, pamaso pa anthu onsewa, mawa pasadzakhale nkhani. Amene aiyendetse, atenge."

Francisco anatsala pang'ono kuwamvera chisoni.

"Yambani ndinu, bambo aang'ono," anatero. "Ulemu."

Anabweretsa botolo la palafini ndi machesi. A Pius anagwada kutsogolo kwa ventuinya ngati akufunsira mbeta. Iwo ankakhulupirira zimene theka la mudzi linkakhulupirira, zakuti chinsinsi chinali m'mawu amene malemu ankanong'ona aja, amene ayenera kuti anawapatsa Mpwitikizi mwini chitsulocho. Mawuwo sankawadziwa, koma Chipwitikizi ankachidziwako. Anayatsa chingwe, n'kuika chala pakhola lawaya.

"Bondiya," ananong'ona mokweza. "Bowatarde. Obrigadu. Vila Nova, Mutarara, Dona Ana, Sena, Beira."

"Amenewo ndi masiteshoni, bambo aang'ono," anatero Clotilda.

"Khala chete, ukusokoneza."

Anakankha phiko ndi chala. Linazungulira kamodzi ndi theka, n'kuima. Anabwerezanso, nthawi ino kuyambira ku Beira kubwerera chakuno. Phiko linagwedera ngati munthu wokana ndiwo, n'kuima pomwe linali. A Pius anazimitsa moto ndi malovu a pachala, n'kudzuka akusasa mawondo.

"Chafa," analengeza. "Chatsatira mwini wake. Zinthu zoterezi sizikhala ndi ambuye awiri."

Francisco anavula wotchi yake n'kupatsa Clotilda kuti amugwirire, ngakhale wotchiyo siinkatchinga kanthu. Anapinda manja a malaya ake oyera. Kenako anatembenukira kwa anthu, poti sankatha kugwira ntchito asanaifotokoze.

"Abale, apa palibe matsenga. Mkati umu muli mpweya wotsekeredwa. Mpweya ukatentha umafufuma, ukazizira umanyala. Ukafufuma umakankha kachitsulo, kachitsuloko n'kukankha gudumu, gudumu n'kuzunguza mapiko. Basi. Mwana wa Fomu 2 akhoza kukujambulirani."

"Tsono muitane mwanayo," anatero wina kumbuyo.

Francisco anayatsa chingwe, n'kukankha phiko nthawi yomweyo, mwaukatswiri, ndi chala chapakati. Linazungulira kawiri, n'kuima. Anakankhanso mwamphamvu. Katatu, n'kuima. Anati moto wachepa, n'kukweza chingwe. Lawi linatalika, linafiira, ndipo kachumuni kanalavula utsi wakuda umene unapeza malaya oyera ali pafupi. Anawerama kuti aone mkati, ndipo kamphepo kotentha ka masana, kaja kamabwera ndi fumbi la m'minda ya thonje, kanadutsa pansi pa mtengo n'kuzimitsa moto.

Anayatsanso, ndipo zinachitika chimodzimodzi. Thukuta linatsika m'khosi kulowa m'kolala. Machesi achisanu atathothoka mutu, anafotokozera anthu kuti mwina mphira za mkati zinauma, ndipo ku Blantyre ali ndi zida zoyenera.

"Ku Blantyre ipita bwanji usanaiyendetse?" anafunsa a Pius. "Tinagwirizana apa. Ikakana tonse, ndiye tibwerera kumwambo."

Ndipo mwambo, monga aliyense ankadziwira, unali ndi golosale m'mbali mwa msewu.

"Chiko."

Mawuwo anachokera pakhonde. Francisco anatenga kanthawi asanazindikire kuti akuitana iye. Panali patapita zaka zambiri munthu asanamutchule dzina limenelo, ndipo dalaivala wake, amene anali tsonga pamthunzi wa galimoto, anayang'ana pansi mwaulemu.

"Amayi?"

"Pansi pa mtengo siyenda. Ibweze pamalo pake."

"Amayi, malo alibe kanthu. Vuto ndi..."

"Ibweze."

Anainyamula yekha, atalola kuti mwaye wotsala umalize malaya. Inali yolemera kuposa mmene ankaganizira, ndipo anadabwa kuti nkhalamba ija inayenda nayo bwanji pamutu m'madzi. Pakhonde, kumapeto kwenikweni, kutali ndi chitseko, simenti inali ndi timaenje titatu tofiira ndi dzimbiri. Anayesa kuimika ventuinya mmene iye anafunira, itayang'ana kubwalo kuti anthu aone bwino, koma inatsimphina. Mwendo wakumbuyo unali ndi phazi lalikulu, ndipo kadzenje kake kanali kamodzi kokha. Ataitembenuza, miyendo yonse inalowa ngati phazi mu nsapato yakale.

Clotilda anabweretsa mpando wa ndalema kuchokera pamkeka wa katundu. Nawonso unali ndi zipsera zake pasimenti, ndipo anauika pomwepo osafunsa munthu.

"Khala," anatero aNamilanzi.

Francisco anakhala. Anali asanakhalepo pampando umenewu. Nsalu yake inali italowa pakati, motsatira thupi la munthu wina wochepa kuposa iye. Anatsitsa chingwe mpaka lawi linakhala laling'ono, labuluu m'munsi. Chipupa chinalitchinjiriza ndipo linaima njo. Anatambasula chala kuti akankhe phiko.

"Sunapemphere," anatero amayi ake.

Anthu anali atasendera kufupi ndi khonde. Francisco anatsitsa mawu.

"Amayi, makina sadziwa pemphero."

"Bambo ako ankati Tikuoneni Mariya khumi."

"Ndinanena ine!" anafuula a Pius. "Mawu! Sindinanene kuti pali mawu?"

"Munanena masiteshoni," anatero Clotilda.

Francisco anachoka ku Katolika kale, n'kulowa tchalitchi china cha m'tauni chokhala ndi zokuzira mawu zazikulu ngati mafiriji, kumene anali wapampando wa komiti ya zomangamanga. Kolona anali asanaigwire zaka makumi atatu. Anayang'ana anthu, anayang'ana a Pius amene anali atayamba kale kuyeza ndi maso ngati ventuinya ingakwane pakaliyala ya njinga yawo. Kenako anakonza kukhosi, n'kuyamba. Mawu anabwera okha, osawaitana, ndipo anawathamangitsa kuti athane nazo msanga.

"Osati ngati ukuthawa galu," anatero aNamilanzi. "Yambiranso. Clotilda, muyankhe mlongo wako."

Anayambiranso, pang'onopang'ono, iye theka loyamba, Clotilda theka lachiwiri. Amayi ena pabwalo, poona kuti pemphero layamba pamaliro, analowererapo, ndipo amuna anavula zipewa. Posowa powerengera, Francisco anaika chala pakhola lawaya. Mawaya ake anali okhakhala ndi dzimbiri, koma chala chinagwera pa wina wosalala. Wotsatira wake analinso wosalala. Anasuzumira: mawaya khumi oyandikana ankawala ngati ndalama yatsopano, ena onse ali bii.

Pa waya wachisanu anamva chitsulo chikulira chapansipansi, thi, thi, thi, mmene limalirira denga lamalata dzuwa likayamba kukwera. Pa wachisanu ndi chimodzi anamvetsa. Chitsulocho chinkafuna nthawi kuti chitenthe, mphindi zitatu kapena zinayi, ndipo iye ndi a Pius ankachikankha chikadali chozizira. Nkhalamba ija, imene moyo wake wonse inkasunga nthawi ya sitima, inapeza wotchi yosafuna kupukusa. Zinali zophweka mochititsa manyazi. Anatsegula pakamwa kuti afotokozere anthu, ndipo pomwepo anaiwala pamene anali.

"Chisanu ndi chiwiri," anatero amayi ake, osamuyang'ana.

Anamaliza atatu otsalawo. Ameni atatha, maso onse anali pamapiko. Francisco analowetsa chala n'kukankha phiko pang'ono chabe.

Linazungulira kamodzi, mwaulesi. Linafika pamwamba, linakayika, n'kugwera mbali inayo. Mkati munamveka tchuku, kenako tchuku wina, kenako tchuku-tchuku-tchuku, ngati kasitima kakang'ono kakunyamuka pasiteshoni. Mapiko anayi anasanduka mbale imodzi yamkuwa.

Mayi wina anayamba nthungululu, n'kukumbukira kuti ali pamaliro, n'kuimeza.

"Akhoza kukhala mawu anga aja," anatero a Pius. "Ena amachedwa kugwira."

"Mwapambana, achimwene," anatero Clotilda. "Ndikafune katoni yoikamo?"

Francisco anatsamira pampando, anatambasula miyendo, anamasula batani lapakhosi n'kutsinzina. Anali atadikira zaka makumi anayi, ndipo sanafune kuti mlongo wake amulankhulitse pa mphindi imeneyi.

Anadikira.

Chimene chinabwera ndi kutentha. Kunachokera kukachumuni, kamene kanali chapafupi ndi tsaya lake lamanzere, pamodzi ndi fungo la palafini. Kenako kunabwera kwina kochokera kuchipupa chimene dzuwa linali litachiwotcha kuyambira mmawa. Thukuta linatuluka pamphumi, linatsikira m'maso. Mphepo kunalibe, ngakhale yogwedeza tsitsi la pamkono.

Anatsegula maso. Anaganiza kuti Clotilda walakwitsa poika mpando, ndipo anawerama kuyang'ana. Miyendo yonse inali pazipsera zake. Ya ventuinya nayo inali m'timaenje take. Mpandowo unali pambali, chakumbuyo pang'ono, pamene dzanja limafika pa kachitsulo kokwezera chingwe popanda kudzuka. Munthu woona ali pamsewu akanalumbira kuti wokhala pamenepo akumwa mphepo yonse. Francisco anatsatira ndi maso kumene mapiko analoza, kutsata khonde lonse, kudutsa pawindo, mpaka pachitseko.

Nsonga ya duku lakuda la amayi ake inkagwedera. Chitenje cha paphewa chinkafufuma n'kugwa, kufufuma n'kugwa. Iwo anali atakweza chibwano pang'ono, ngati munthu amene akumvetsera wina akuitana kutali.

Pamenepo ndi pamene ankakhala masiku onse. Ankasankha mpunga pamenepo, ankasoka pamenepo, ankayamwitsa Clotilda pamenepo. Mwana wochokera kubwalo kulowa m'nyumba ankayenera kudutsa pakati pa ventuinya ndi mkeka umenewo. Francisco anayesa kukumbukira ngati anayamba wayang'anapo mbali imeneyo pamene ankathamangitsidwa, ndipo anapeza kuti nthawi zonse ankayang'ana bambo ake.

"Amayi," anatero, "pano mpotentha."

"Eya. Ankasintha vesiti kawiri."

"Nanga bwanji sankaitembenuza?"

ANamilanzi anamuyang'ana ngati wafunsa chifukwa chimene Shire sapita kumtunda.

"Ine ndine wa ku Thekerani, Chiko, kumapiri. Ananditenga mwezi wa Juni, kuno kukunamizira kuzizira. Pofika Okutobala ndinamanga katundu wanga. Ndinati kuno si kwa anthu, n'kwa abuluzi, ndikupita kwathu. Iwo anati dikirani Loweruka. Anakwera sitima ya ku Mutarara ndi njinga yawo yatsopano, ija anali asanamalize kuionetsa anthu. Nthawi imeneyo Apwitikizi ankapakira kubwerera kwawo. Loweruka anatsika pasiteshoni apo wopanda njinga, atasenza chimenecho. Anachiika pomwe chilipo, anayatsa, n'kunena kuti, mphepo ya kwanu ndabwera nayo, tsono inu mukatsata chiyani?"

"Ndiye munamasula katundu?"

"Ayi. Ndinati ndikhala mpaka palafini athe."

Anakonza duku limene mphepo inali italisuntha.

"Sanathe," anatero.

Pabwalo wina anatsokomola. Clotilda anali atatsamira mzati wa khonde, katoni ya fani ya sola ili m'manja, ndipo nkhope yake inaonetsa kuti iye nkhaniyi anaidziwa kale, ndipo sanaone chifukwa choifotokozera munthu amene amabwera kamodzi pachaka n'kugona ku loji ya ku Bangula.

"Nanga ija ndinatumiza ija?" anafunsa Francisco. Sanafune kufunsa, koma funso linatuluka.

"Anaiyamikira. Anauza aliyense pamsika kuti mwana wawo Injiniya watumiza. Koma atawerenga pakatoni anaona kuti imatembenuza mutu uku ndi uku. Anati imeneyo imakupiza aliyense, ngakhale mbuzi itadutsa."

Ventuinya inapitiriza ulendo wake, tchuku-tchuku-tchuku. Lawi linali litakwera pang'ono ndipo kautsi kanayamba kuoneka pakachumuni. Dzanja la Francisco linapita pakachitsulo n'kutsitsa chingwe, ndipo utsi unatha. Anaganiza za bokosi lagalasi ndi kachikwangwani kamkuwa, ndipo anapeza kuti sakukumbukiranso mawu amene anakonza kulembapo.

"Nanga katoni yoikamo ventuinya ija, achimwene," anatero Clotilda. "Dalaivala wanu akuti mukachedwa mukakwera chitunda cha Thabwa ndi mdima."

"Umuuze akafune pogona. Tinyamuka Lamlungu." Anapukuta nkhope ndi mkono, n'kusiya mzere wa mwaye pamphumi. "Iwe umaweruka nthawi yanji kusukulu?"

"Isanakwane wani koloko. Bwanji?"

"Mawa ukhala pano ndiwe, ndikuonetse kakwezedwe ka chingwe. Kolona ndiye ukuidziwa kale."

"Ndiye kuti simutenga?"

"Ndi yanga. Onsewa ndi mboni. Ndikuisungitsa pano."

"Pamalo otenthawo ndizikhala ine, chinthu chili chanu?"

"Uzisintha bulauzi kawiri."

A Pius sanamve zimenezi. Iwo anali ataona kuti mlandu wawathera, ndipo anaganiza zoti angolawako chimene ataya. Anakwera pakhonde, anamasula mabatani onse a malaya, n'kuima kutsogolo kwa ventuinya miyendo ili tang'a, mimba ili pamtunda, manja m'mwamba ngati akuwasecha apolisi.

"Aaa," anatero. "Pyadidi. Mkulu wanga ankadya bwino yekha."

Kumbuyo kwawo, nsonga ya duku lakuda inagwa n'kukhala phee. ANamilanzi anangotsitsa chibwano, n'kuyang'ana manja awo.

Francisco sanadzuke pampando. Mawu anatuluka asanawakonze, ndipo anatuluka ndi kamvekedwe kamene aliyense pabwalopo anakazindikira, moti amayi awiri anatembenuka kuyang'ana kumanda.

"Bambo aang'ono," anatero, "chokani pamenepo. Mukutchinga mphepo."